Gasi wa M'nkhuti

Tadala ndi Mphatso, kuyambira muli ana mwakhala mukundifunsa chifukwa chake a Kamwendo anasiya kubwera kwathu, pomwe anali nkhoswe ya ukwati wanga ndi bambo anu, ndipo Loweruka lililonse ankakubweretserani nzimbe pa njinga. Ine ndinkangoyankha kuti ndi nkhani za kuntchito. Sindinkanama, koma ndinkabisa zambiri. Tsopano ndapuma pa ntchito, maso akadali kuona, ndiye ndalemba zonse. Mundilole ndiyambire patali, chifukwa mlandu wa ine ndi a Kamwendo simungaumvetse musanamudziwe gasi.

Chaka changa choyamba pa ntchito, kufupi ndi Namitete

Ndinalembedwa ntchito yothandiza mu labotale ya sukulu ina ya sekondale ndili mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinkayesa kuti ndi ntchito yotsuka mabotolo, ndipo theka lake inalidi imeneyo. Mphunzitsi wa sayansi anali a Zimba, bambo wamfupi wadazi, wosachedwa kupsa mtima koma wosatopa ndi mafunso. Pamenepo tinagwirizana, chifukwa ine kufunsa ndiye nthenda yanga. Amayi anga ankadandaula kuti ngakhale akandituma kudambo ndinkayamba ndafunsa kumene madziwo amachokera. Ine ndinkawayankha kuti safunsa anadya phula, iwo n'kumandiponyera chipande. Tsiku loyamba a Zimba sanandionetse mabotolo. Ananditengera kuseri kwa labotale kumene kunali kakhola ka waya, m'kati mwake mutaima silinda yachitsulo yondifika m'chiuno.

"Igwedezeni pang'ono, mutchere khutu. Mukumva chiyani?"

"Madzi, aphunzitsi."

"Madzi eti? Ndiye tikatsegula mpopi mu labotalemo patuluka madzi?"

Anandiuza kuti chomwe chinkalira khuvukhuvu m'menemo ndi gasi yemweyo, wopanikizidwa mpaka wasanduka wamadzimadzi, ndipo ukamutsegulira njira amawira yekha popanda moto n'kubwerera kukhala mpweya. Ndi mitundu iwiri yosakaniza, puropeni ndi byuteni, yonse yopangidwa ndi zinthu ziwiri zokha, kaboni ndi hayidulojeni. "Ndi wachibale wa petulo ndi parafini," anatero, "koma uyu ndi mzime m'banjamo, sakhazikika." Silinda saidzaza mpaka m'khosi chifukwa kukatentha wamadzimadziyo amafufuma. N'chifukwa chake imakhala pamthunzi, ndipo imaima chilili, osaigoneka. Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti gasiyu payekha alibe fungo. Fungo lija la kabichi wowola amachita kuthiramo dala kufakitale kuti mphuno zitichenjeze. Ndinapita kunyumba ndikuseka ndekha m'njira, kuti kunja kuno kuli munthu amene amadzuka m'mawa, kuvala tayi, n'kupita kukanunkhitsa zinthu.

Mu labotale gasi ankabwera pa paipi n'kutulukira pa timipopi ta pa mabenchi, ndipo pamenepo tinkalumikiza banseni, kachitsulo koimirira koyatsira moto. M'munsi mwake muli mphete yomwe ukaizunguliza imatsegula kapena kutseka kabowo kolowera mpweya. Ukatseka, lawi limakhala lachikasu, laulesi, lodetsa galasi ndi mwaye. Ukatsegula limasanduka labuluu n'kumalira, ndipo limatentha mpaka kufewetsa galasi. Ndi lawi limeneli tinkawiritsa mankhwala m'timachubu, kupinda timapaipi tagalasi, ndi kufufuza dzina la mchere: wa kukhitchini umawalitsa lawi chikasu, wa kopa umalibiriwiritsa. Ana a fomu folo ankachita zimenezi mwamphwayi, kungofuna kukhoza mayeso, ine n'kumatsalira masana kubwereza ndekha. Tsiku lina ndinapeza kuti m'kati mwenimweni mwa lawi labuluu muli malo ozizirirako, oti mutu wa machesi ukaulowetsamo msanga umatenga kanthawi usanayake. Ndinathamanga wefuwefu kukawauza a Zimba. Anati zimenezo zinadziwika iwo asanabadwe, koma ndinaona kuti akondwera.

Malamulo awo anali ochepa, ndipo ukaswa limodzi unkamva mawu mpaka kumsewu. Machesi kaye, gasi pambuyo. Poweruka, tseka vavu pa silinda yeniyeniyo, osati mipopi yokha. Lolemba lililonse paka madzi a sopo pa mfundo iliyonse ya paipi, ndipo pamene patuluke thovu ndiye pakudontha. Podontha safufuza ndi moto. Ukamva fungo tseka ku silinda, tsegula mawindo, tulutsa anthu, koma swichi ya magetsi usaikhudze, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, chifukwa kamoto kamene kamathetheka m'kati mwake n'kokwanira.

Phunziro lalikulu ndinalipeza posewera. Lolemba lina sopo ananditsalira, ndiye ndinaviika kukamwa kwa paipi ya labala m'madzi a sopowo n'kutsegula gasi pang'ono, kuti ndione ngati angapange thovu louluka longa limene ana amauzira ndi phesi la papaya. Thovu linapangika, linachoka pa paipi, koma m'malo moyandama linatsika molunjika mpaka pa simenti. Ndinayesa kachiwiri, chimodzimodzi. A Zimba anandipeza ndili chogwada. Anandikalipira kaye chifukwa chowononga gasi, kenako anakoka mpando.

"Mwaona chiyani?"

"Likumira, aphunzitsi. Kodi mpweya umamira?"

"Uyu amamira. Ngolemera kuposa mpweya tikupumawu. Akathawa m'paipi sapita kudenga ayi, amayenderera pansi ngati madzi n'kukadikha pamalo potsika. Mutha kuima m'chipinda osamva kanthu, iye ali m'mawondo mwanu. Mukafuna kumununkhiza, gwadani."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikatsegula labotale ndinkagwada kaye, mphuno pafupi ndi simenti. Aphunzitsi ankandiseka kuti ndimapemphera kuposa abusa, ine osasiya.

Zaka za ku Kabudula, Tadala asanabadwe ndi atabadwa

Patapita zaka zinayi anandisamutsira ku sukulu ina ya kudera la Kabudula, imene dzina lake sindilemba muno. Labotale inali yatsopano, mabenchi owala, koma kutali ndi tauni. Gasi akatha ankatha ndithu. Silinda inkapita pa ngolo mpaka pamsewu, kuchoka apo pa matola, ndipo m'dzinja msewu ukaterera tinkatha milungu isanu ndi umodzi tikuidikira. Ndinakangana ndi oyendetsa ngolo onse a m'deralo, chifukwa iwo ankafuna kuigoneka pamodzi ndi mabelo a fodya, ine n'kumati iimirire ndipo imangidwe. Mmodzi anandifunsa ngati silindayo ndi mkwatibwi. Gasi kulibe, ndinkapanga nyale za spiriti ndi timabotolo ta inki, chingwe chake ulusi wa mopu. Lawi lake n'lofooka, galasi silipinda, koma madzi m'kachubu amawira. Ndinaphunziranso kudziwa gasi wotsala popanda sikelo. Banseni zonse zikayaka kwa nthawi, silinda imazizira n'kuchita mame kunja, ndipo pamene mame alekezera ndi pamene gasi walekezera.

Mphunzitsi wamkulu anali a Kamwendo. Musawaganizire zoipa mukamawerenga izi. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wosadziwa mowa, ndipo ana amasiye angapo anamaliza sukulu akudya kunyumba kwawo. Nditadwala malungo mwezi wanga woyamba, akazi awo ndiwo anandigoneka kwawo sabata yathunthu. Bambo anu, amene nthawi imeneyo anali mlangizi wa zaulimi, kwawo kunali kutali ndipo amalume awo anali atakalamba, choncho pa chinkhoswe chathu a Kamwendo ndiwo anawaimira. Tikayambana m'nyumba, ndiwo ankabwera kudzakhala pakhonde osachoka mpaka tigwirizane. Ku ofesi ndinkawatchula a Hedi, kunyumba bambo. Chilema chawo chinali chimodzi: akanena, anena. Ndipo sayansi ankailemekeza momwe mkamwini amalemekezera apongozi, chapatali. Mu labotale ankalowamo kamodzi pa teremu.

Chaka chomwe Mphatso anayamba sitandade wani

Chaka chimenecho mbava zinatizindikira. Lolemba lina m'mawa tinapeza kakhola ka waya kosungiramo silinda katadulidwa, silinda palibe. Makolo anasonkha chimanga kuti igulidwe ina, nayonso inapita teremu isanathe. Anthu anakwiya, ena n'kumanong'onezana kuti a Hedi akudziwapo kanthu, ndipo mawu amenewo anawalasa mumtima a Kamwendo. Silinda yachitatu itabwera anandiitanira ku ofesi ali mwetumwetu.

"Amake Tadala, ndapeza nzeru. Kodi mbatata timazisunga bwanji kuti zifike mwezi wa khumi?"

"M'nkhuti, a Hedi."

"Basitu. Tikumba nkhuti m'kachipinda kanu ka zipangizo, m'kati mwa labotale. Silinda ilowe m'menemo, pamwamba matabwa, pamatabwa makatoni a mabotolo. Mbava ikalowa ingoona makatoni. Ndiponso munanena nokha kuti gasi safuna dzuwa, eti? Pansi m'pozizira."

Ndinawauza kuti gasi ndi wolemera, akadontha adzadzaza dzenjelo n'kusefukira mu labotale, ndipo alibe kotulukira. Anandimvetsera mwaulemu mpaka nditamaliza. "Ndiye musamulole adonthe," anatero. "Si ntchito yanu imeneyo?" Ndinapitanso kunyumba kwawo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ndinagwada pakhonde monga mwana wawo, ndinati bambo, timange kanyumba ka njerwa panja, kamabowo m'munsi, chitseko chachitsulo. Anati chitseko chachitsulo mbava zimathyola, ndipo makolo sangasonkhenso kachitatu. Kenako ndinalemba pa pepala. Analiwerenga ndili pomwepo, analipinda bwinobwino, n'kundibwezera m'manja. "Pakati pa ine ndi inu sipafunika makalata," anatero. Mphunzitsi wathu wa sayansi anali atapita kukawonjezera maphunziro, ndipo amene ankagwirizira anali wa masamu, yemwe anati nkhani za gasi n'za ine.

Apa ndiyenera kudziulula. Dzenje linakumbidwa ndikuona, ndipo paipi ya labala yochokera ku silinda ndinailumikiza ndine, ndi manja angawa. Ndinadzinyenga kuti ndiziyang'anira kawirikawiri. Anasiya thabwa limodzi lochotseka kuti dzanja lizifika pa vavu, ndipo m'mawa ndinkatsegula, poweruka ndinkatseka. Koma madzi a sopo ankangofika pamwamba pomwe maso ankaona. Paipi yotsala inali mu mdima, ndipo zomwe zinkachitika kumeneko sindinkazidziwa.

Sabata ya mayeso, chaka chomwecho

Mayeso a sayansi ochita ndi manja ali ndi mwambo wake. Tsiku loti mawa alembedwa timakonza zipangizo pa benchi iliyonse, mawindo timatseka n'kumata nyuzipepala kuti ana asasuzumire, ndipo woyang'anira mayeso wochokera kwina amakhoma chitseko n'kusunga kiyi. Anatitumizira mayi wina wamagalasi, wosaseka, amene ankanditsatira paliponse ndi kope m'manja. Nditayesa banseni zonse masana amenewo, ndinayenera kusuntha makatoni, kuchotsa thabwa, n'kutseka vavu monga mwa masiku onse. Mayiyo anali ataima pakhomo la kachipindako. Kumbuyo kwake a Kamwendo anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono kuti mlendoyo asaone dzenje. Ndinatseka mpopi waukulu wa pakhoma wokha, silinda ndinaisiya yotsegula, tinatuluka. M'zaka zanga zonse za ntchito ndi tsiku lokhalo limene ndinachita zimenezi.

M'mawa mwake kunali chisanu. Ana makumi anayi ndi asanu ndi atatu anali pa mzere panja akuuzira m'manja, ena a iwo ochokera m'mabanja amene anagulitsa mbuzi kuti mwana alembe. Mayi uja anatsegula, tinalowa atatu, iye, ine ndi a Kamwendo. Ndili chiimire ndinamva kafungo kapatali, koti ukhoza kunamizira mankhwala. Ndinagwada, ndipo fungolo linandimenya mpaka misozi. Ndinakwawa cholowera ku kachipinda, ilo likukulirakulira. Nditacheuka ndinaona mayi uja akutambasula dzanja ku swichi. Ndinakuwa momwe sindinakuwirepo munthu wamkulu: "Siyani!" Anadzidzimuka, kope linagwa. Ndinang'amba nyuzipepala, ndinakankha mawindo onse, ndinawauza onse awiri kuti atuluke ndipo ana apite ku bwalo la mpira. Kenako ndinabwerera ndekha, ndinabanika dala osapuma, ndinachotsa thabwa n'kupisa dzanja, vavu ndinaitseka. Paipi ya labala nditaikoka ndinapeza mano a makoswe malo awiri.

Mphepo itadutsa kwa kanthawi, mayi uja analowanso mu labotale, anapuma ali chiimire, n'kunena kuti fungo latha. A Kamwendo anali ndi chimfine, sanamve kalikonse chiyambire. Anandikodola, tinapita kuseri, pamene kale panali kakhola ka waya.

"Amake Tadala, mwachita bwino. Sinthani paipiyo, muli nayo ina. Mapepala amatsegulidwa nthawi imodzi dziko lonse, tikachedwanso ana awa ataya chaka. Mayiyu mumuuze kuti kampopi kena kanali kosatseka bwino."

"Bambo, m'nkhutimo mwadzaza. Wa m'dzenje mawindo samuchotsa."

"Titseka chitseko cha kachipindako."

"Pansi pa chitseko pali mpata. Banseni makumi awiri, ana amantha, machesi azigwera pansi."

"Mukatchula dzenje mwandithera ntchito. Zatsala zaka ziwiri ndipume. Ine ndinakuimirani pamaso pa anthu, mwana wanga. Lero ndiimireni."

Ndikuuzeni zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinaganiza kuti mwina gasiyo wachepa, mwina palibe mwana agwetse machesi. Gasiyu sayaka nthawi zonse. Akachuluka kwambiri n'kusowa mpweya sayaka, akachepa kwambiri sayakanso, amayaka pakatikati. Koma chopimira ndinalibe, ndipo ndinkadziwa kuti pakati pa dzenje lodzaza ndi windo lotsegula, penapake pakatikatipo palipo. Ndinayang'ana ku bwalo, ana ali chikhalire pa udzu ndi marula awo, ena akufunsana mafunso omaliza. Ndinkawakonda a Kamwendo kuposa bambo ondibereka, ndipo ndinawakwiyira nthawi yomweyo chifukwa chondiika pamenepo. Ndinapita kwa mayi uja ndinati, "Amayi, bwerani muone kumene kuli silinda."

Anaona dzenje, anaona silinda, anaona paipi yodyeka. Koma anali munthu wa mapepala ndi wotchi, osati wa gasi. Anasuzumira n'kunena kuti, "Za dzenjezi tikambirana pambuyo. Koma mwatseka kale, ndipo mulibe kanthu m'menemu. Ine ndiimitse mayeso chifukwa cha dzenje lopanda kanthu?" Pamenepo m'mutu mwanga munabwera funso, la mtundu womwewo umene wandivutitsa moyo wonse: ngati gasiyu amadikha ngati madzi, kodi sangatungike? Sindinaziwerengepo m'buku lililonse, ndipo sindinkadziwa ngati zitheka. Ndinatenga ndowa yapulasitiki yokolopera, ndinaimanga chingwe, ndinaitsitsa chopendeka pambali pa silinda, ndinadikira, kenako ndinaikoka pang'onopang'ono n'kuivundikira ndi katoni. Ndinainyamula ndi manja awiri kudutsa sukulu yonse mpaka kumapeto kwa bwalo la mpira, ndikuponda mosamala kuti ndisatayire. Ana anaphulika kuseka. Wina anakuwa kuti amayi a labu apenga, akutunga mphepo. Nanenso mumtima ndinkaopa kuti ndowa ikhala yopandadi kanthu, ndipo ndidzakhala nditaipitsa dzina la bambo wanga pachabe.

Ndinaika ndowa pansi, anthu onse ndinawabweza kutali. Ndinamanga udzu kunsonga ya bango lalitali, ndinauyatsa ndili patali, katoni ndinaikankha ndi ndodo, n'kutambasula bango. Kunamveka vuu! Lawi linakwera kufika m'chifuwa mwa munthu, linavina pakamwa pa ndowa, ndowayo n'kukwinyika. Kuseka kunatheratu. Zimenezi musadzayesere, ine ndinachita chifukwa mawu anali atandithera. Mayi uja anavula magalasi n'kufunsa, "M'dzenjemo muli ndowa zingati?" Ndinati sindikudziwa, koma si imodzi. Anatulutsa foni yake n'kukakwera pachulu pomwe pankagwira netiweki.

Mayeso analembedwa masana, akuluakulu atavomera, m'kalasi ina yakutali ndi labotale, ana atasungidwa m'holo m'mawa wonse osaonana ndi munthu. Tinasamutsa zipangizo zonse ndipo tinayatsa nyale za spiriti. Ena anakhoza, ena analephera, monga chaka chilichonse. Silinda tinaikoka ndi zingwe, dzenje tinalikupiza ndi makatoni mpaka mphuno yanga inavomera, ndipo sabata yomweyo linakwiriridwa. Mayi uja analemba lipoti. Anandifunsa ngati ndinkadziwa za dzenjelo, ndinati inde, paipi ndinalumikiza ndine, vavu ndinasiya ndine. Anandifunsa ngati ndinachenjezapo, ndinati inde. Kalata ija inali m'chikwama mwanga koma sindinaitulutse, chifukwa munthu wagwa kale samuponda.

Zaka zotsatira, ku Nambuma ndi ku Mpingu

Ine ndinalandira kalata ya chenjezo, yondiyenera, ndipo ndinasamutsidwira kudera la Nambuma kumene ndinagwira mpaka kupuma. A Kamwendo anatsitsidwa pa uhedi, zaka zawo ziwiri anakamalizira pa sukulu ina ngati mphunzitsi wamba. Tisanasamuke anatuma mkulu mnzawo wa mpingo kwa bambo anu kuti tipeze nkhoswe ina. Ku tchalitchi amayi ena anasiya kundipatsa moni, amvekere ndinavula munthu wamkulu pamaso pa mlendo. Bambo anu sanandidzudzule, koma mwezi wathunthu ankadya ali chete. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sanena zomwe mwini khutu amachita pambuyo pake. Zinandipweteka kwambiri, ndipo nthawi zina zimandipwetekabe.

Patapita zaka khumi ndi chimodzi ndinamva kuti akudwala kumudzi kwawo ku Mpingu. Bambo anu anati tisapite, akatichititsa manyazi. Ndinapita ndekha, nkhuku m'khwapa. Ndinawapeza pampando pansi pa mtengo wa mango, ataonda, koma maso ali gwa. Akazi awo anandiyalira mphasa patali ndithu, pamene amakhala alendo wamba. Tinapatsana moni, tinakamba za mvula ndi za inu. Kenako a Kamwendo anati:

"Amake Tadala, ndifunseko. Tikanayatsa tsiku lija, akanafa angati?"

"Sindikudziwa, bambo. Mwina ambiri. Mwina palibe ndi mmodzi yemwe."

"Mwina palibe."

"Mwina."

"Ndiye ntchito yanga inathera pa mwina."

"Inde, bambo."

"Nanga litabweranso tsiku lija?"

"Ndingachitenso zomwezo."

Akazi awo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinayesa kuti andithamangitsa, ndipo ndinayamba kukonza chitenje. Koma a Kamwendo anayang'ana m'mwamba mwa mtengo, nayamba kulankhula ndi mawu aja oitanira mayina m'kalasi.

"Alinafe ndi namwino, ali ndi ana atatu. Esinati anakwatiwa ku Nsaru, ali ndi chigayo. Ganizani analephera, koma fodya wake ndi wosililika. Yamikani akuphunzitsa."

Ndinazindikira kuti akutchula ana a chaka chija, motsata kaundula, mmodzimmodzi osalumpha. Zaka zonsezo anali akufunsa anthu odutsa, pa maliro, pa misonkhano ya mpingo, kuti mwana wakuti ali kuti. Awiri anali atamwalira, wina pa ngozi ya pamsewu, wina ndi matenda, ndipo amenewonso anawatchula pamalo pawo. Sananene kuti andikhululukira, inenso sindinapepese. Atapitirira theka la kaundula mpweya unawathera, milomo ikungogwedera popanda mawu. Dzina lotsatira ndinalitchula ndine, pamodzi ndi kumene mwiniwake ali, chifukwa nanenso ndinkafunsa. Anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatchula linalo. Tinalandizana choncho, iwo pampando ine pamphasa, mpaka tinawamaliza onse makumi anayi ndi asanu ndi atatu.